Mpando Unagawidwa pa Maliro

Lolemba, mwezi wa Ogasiti. Tsiku loipa, mutu ukungogunda.

M'mawa bwana alengeza kuti woyang'anira makalaliki mu ofesi yathu ndi a Mwale, omwe aja ndinawaphunzitsa ine kutayipa kalata chaka chatha.

Ndafunsa, "Bwana, zimenezi zinakambidwa liti? Ine sindinaitanidwe."

"Tinakambirana Loweruka ku Chiosya, mayi. Kodi inu simunaliko?"

Ndinaliko ndithu. Anali maliro a mayi ake a mesenjala wathu. Ine ndinali m'nyumba ndi azimayi, titakhala pamphasa, kuyimba mpaka mawu kusasa. Azibambo anali pamipando pansi pa mtengo, bwana ali pakati pawo. Ndikanapita kukakhala pamenepo, mudzi wonse ukanati mtsikana wa ku boma uja alibe mwambo.

Masana a Mwale abwera pa tebulo langa akumwetulira. "Asisi, musatupe chonchi. Mundilembereko lipoti la mwezi uno, paja akatswiri ndinu."

Ndawayankha kuti oyang'anira salemberedwa. Sanaseke.

Kalata yanga yopempha kukwezedwa giredi tsopano idzadutsa m'manja mwawo. Chondinyansa kwambiri n'chakuti ndikudziwa kale kuti mawa lipotilo ndililemba.