Azakhali afukiza atate

Okondedwa alongo anga Ba Yohane,

Muli bwanji ku Joni pamodzi ndi alamu? Kuno ku Chawama tili bwino, kupatula atate. Chidwalireni korona, matenda awo onjenjemera aja anakula. Miyendo imangouma pakhomo, ndipo mpweya umawathera asanafike ndi pampopi pomwe.

Loweruka azakhali anabwera kuchokera ku Matero ine ndili kumsika. Akuti korona idakali m'chifuwa, iyenera kutuluka ndi nthunzi. Anawiritsa masamba a bulugamu, nkuika mphika pakati pa miyendo ya atate, nkuwafunditsa bulangete. Munthu woti kapu ya tiyi timachita kumugwirira! Mwendo unagwedezeka, mphika unagubuduzika, phazi lonse nkupsa. Kukiliniki anesi anakalipira ine, osati azakhali. Dzulo anabweranso ndi masamba ena, tangoganizani!

Chonde aimbireni foni. Ine sandimvera, akuti ndine mwana wadzulo. Muwatumizirenso atate nsapato zotseguka pamwamba, poti zawo zija sizikulowa.

Atate akupereka moni. Akuti, "Umuuze Yohane kuti korona inandilephera, koma mlongo wanga akuyesabe."

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Tisa