Mgwalangwa wa Zinkhwe

9 Januwale
Pepa buku langa, ndabweranso ndi madandaulo. Mvula tsiku lonse. Alendo m'bwato, makamera m'manja, nkhope zokwinya. Ine kutsogolo, maso m'mitengo. Pusi mmodzi, patali, chotifulatira. Basi. A Osmar, eni ngalawa, pa chakudya: "Valdemir, ndimakulipira kuti uziwaonetsa masamba?" Anzanga kuseka.

11 Januwale
Ng'ona yamira mzungu asanajambule. Madzi akwera, nyama zalowa m'kati mwa nkhalango. Ndazithamangitsa ine? A Osmar akuti kumzinda wa Manaus kuli achinyamata a maso akuthwa, odziwanso Chingelezi. Ine imvi, sukulu ya pulayimale. Akanditsitsa ndilowera kuti?

Ndili nawo mtengo wanga. Mgwalangwa wouma kuseri kwa kamtsinje kakuda. Zinkhwe zikuluzikulu zimaswera m'mphako mwake chaka ndi chaka. Sindinauzepo munthu. Kuno chisa sitilozerana, ana a zinkhwe ali ndi msika.

12 Januwale
Alendo ndawapititsako. Timitu tiwiri kusuzumira pamphako. Mayi wina mpaka misozi. A Osmar andigwira paphewa koyamba chaka chino.

Pa injini panali alamu anga a Jucelino, amuna a mlongo wanga Nazaré. Pobwerera ndawaona akuthyola nsonga ya nthambi paliponse pokhota, monga timachitira kuti tisasowe njira. Ndinati chonde alamu, zisiyeni mbalamezo. Iwo: "Aa alamu, ine wa injini chabe. Koma inu kuumira, chuma chotere kubisira abale?"

Mtima sukukhala pansi.

20 Januwale
Alendo atsopano. A Osmar: "Kumtengo wako kuja, msangamsanga."

Mgwalangwa wagwetsedwa, uli m'madzi. Mabala a nkhwangwa akadali oyera. Mphako yong'ambidwa. Kamwana kamodzi kakuyandama pambali pa bwato, kakufa, nthenga zisanamere bwino. Ndakakankhira pansi pa masamba ndi nkhafi. Kanzake sindinakaone, kapita kumsika.

Makolo ake pamwamba pathu penipeni, kuzungulira, kulira mosalekeza. Sizinayandikirepo anthu chonchi. Alendo kuomba m'manja. Palibe amene anayang'ana pansi. Bambo wina wandifinya dzanja, akuti ili ndiye tsiku lokoma la ulendo wonse.

Alamu avala nsapato zatsopano. Amaimba kamluzu njira yonse.

22 Januwale
Sindikudya. Ndikaneneza alamu kuboma, Nazaré ndi ana adya chiyani? Ndipo anawaonetsa njira ndani?

A Osmar lero: "Zinkhwe zija zichokapo, si zopusa. Uli ndi chisa china? Undiyankhe lisanafike Lachisanu, apo ayi ndikukatenga wina ku Manaus."

Ndinafunsa kuti pa injini padzakhala ndani. Akuti funso lanji limenelo, alamu ako omwe.

Chisa china chilipo. Kumtunda, kuseri kwa thamanda la matope. Mazira sanaswe n'komwe. Lero Lachitatu.