Mafuta a Mkungudza mu Mphika wa Kachasu

Okondedwa achimwene,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Chipoka tili bwino, alhamdulillah, kupatula mwendo wa amayi uja.

Ndikulengeza mwaulemu wonse kuti maphunziro anga a ku yunivesite aja tsopano aonetsa phindu lake: mafuta osadzaza ndi supuni yomwe.

Mnzanga ananditumizira thumba la masamba a mkungudza wa ku Nyika. Ndinafuna kudziwa zimene zili m'mafuta ake, makamaka chonunkhira ngati tapentaini wosungunulira penti uja, chimene timachitcha pinini. Mafutawo amatuluka ndi nthunzi, ndiye ndinakabwereka mphika ndi paipi kwa mayi wina wa kumtunda wotcheza kachasu. Katswiri wanune ndinatereka mphikawo pabwalo penipeni, tsiku la Ijumaa, anthu akupita kumzikiti.

Che Saidi, asodzi aja, anaima n'kununkhiza.

"Mwana wa a Mwalimu, mabotolo tibwere nawo liti?"

"Ndi sayansi iyi, achimwene," ndinatero.

"Eya. Kumtunda saitchula choncho."

Ndinaseka nawo, kupusa kwanga. Mapemphero a swala asanathe, gombe lonse linali litamva kuti kwa a Mwalimu akutcheza kachasu.

Mutumizeko mankhwala a mwendo, ndipo chonde muwalembere bambo, poti mawu anu amawakhazika mtima pansi. Sanandikalipire ayi. Koma makolo aletsa ana awo kubwera ku madrasa a pakhonde pathu, ndipo m'mawa uliwonse bambo amayalabe mkeka n'kukhala kudikira. Ine ndimatulukira kuseri.

Allah akusungeni,

Mng'ono wanu,
Yusufu