Amayi Anaima Pambali pa Ababa

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Dzuwa la lero lanyanya, ngakhale fani ya m'kalasi imangotiuzira mpweya wamoto. Aphunzitsi a Hilario atiyambitsa kukonza zithunzi zakale pa kompyuta. Makompyuta ndi ochepa ndiye tikukhala awiriawiri, ine ndi Imelda monga mwa nthawi zonse. Timati tizisinthana maosi, koma Ime akaigwira mpaka uchite kumutsina.

Anzanga akuyeserera pa zithunzi za aphunzitsi, ine ndabwera ndi ntchito yeniyeni. Ababa aang'ono a Antonio andipatsa chithunzi cha malemu ababa kuti ndichikonze, chikaikidwe pa matisheti a mwambo wa chiliza ku Mbenje pa 19. Ndi chokhacho chomwe chinapulumuka madzi atalowa m'nyumba chaka chatha. Ababa akhala pampando atavala jekete lowakulira, amayi aima pambali, kumbuyo kuli katani wamaluwa wa pa situdiyo ina ya ku Nchalo. Ababa madzi anawasiya bwinobwino. Amayi ndi omwe anadyeka, theka la nkhope palibe.

Tachisikana, chalowa mu kompyuta. Pepalalo a Antonio alitenganso pompo, ati lingatayike m'manja mwa ana.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndawaimbira a Antonio kufunsa ngati pa matisheti pakhale chithunzi chonse. Ati: "Iwe konza basi mwananga, zinazo ndi za akuluakulu."

Sindinakonde mayankhidwewo. Kwawo kwa ababa ndi Asena, mkazi amamuwerengera akamulowola ndi ng'ombe, ndipo amayi aakulu a ku Mbenje analowoledwa. Amayi anga ndi achiwiri, Amang'anja a kuno ku Maseya, kwathu sitilowola. Ababa ankabwera kudzakhala kuno, analima kuno, anadwalira kuno, amayi ndi omwe ankawasambitsa mpaka tsiku lomaliza. Koma pamaliro anawakhazika kumbuyo pamodzi ndi anansi. Ulendo uno ndiye akhale kutsogolo, pachifuwa pa aliyense.

Lachinayi, 10 Okutobala

Taphunzira maleya. Chithunzi umachiyala m'magawo ngati zitenje zosanjikiza, ukalakwitsa umangovundukula chapamwamba. Taphunziranso kachidindo, kachida kamene kamatenga khungu kapena nsalu pena n'kukamata pena ngati chigamba. Kandisangalatsa koopsa.

Madzulo ndawajambula amayi ndi foni pansi pa mtengo wa nimu, kuti ndikabwerekepo diso ndi tsaya. Anayamba akana, ati ali ndi thukuta. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka atamanga duku la ku tchalitchi. "Makwinyawa usakaikeko, Otilia. Bambo ako sanandipeze ndili chonchi." Taseka mpaka agogo oyandikana nafe anafunsa ngati talandira kalata ya ku Joni.

Lachisanu, 11 Okutobala

Magetsi athima ndisanaseve. Diso lonse lapita. Ndalira, Ime wandigulira fulizesi.

Lolemba, 14 Okutobala

Nkhope yatheka! Ndazuma, kuchikulitsa chithunzicho mpaka timabokosi tinayamba kuoneka, msoko sukudziwika. Amayi a zaka makumi awiri akundiyang'ana pa sikirini, kamwa atatseka kuti asaseke. Ndakhala kaye osagwira kanthu.

Titatsala pang'ono kuweruka Ime anati ndimuonetse mmene amachotsera munthu pa chithunzi, ati tsiku lomwe a Hilario amaphunzitsa iye mutu unali kwina. Ndikudziwa komwe unali. Unali kwa Witness, mchimwene wanga wa kwa amayi aakulu, yemwe ndinamukumanitsa naye ndekha chaka chatha. Tsopano ndi W. uyu W. uyo, tsiku lonse. Ndamuonetsa pa chithunzi cha kwaya yathu, tachotsa wotsogolera nyimbo n'kumata khoma pamalo pake. Poyamba amasiya mthunzi, ndamuuza kuti mthunzi ndi womwe umaulula. Wabwereza mpaka wakhoza. "Alamu, inu ndinu aphunzitsi enieni." Alamu kale, ukwati usanachitike!

Lachitatu, 16 Okutobala

W. akupita mawa ku Blantyre kukapulintitsa matisheti. Ine ndimayenera kuperekeza amayi kuchigayo, ufa wopita nawo ku Mbenje, ndiye ndachoka m'kalasi masana. Ime wati ndisadandaule, aika yekha chithunzicho mu fulashi n'kumupatsa W. pa depoti. Mnzanga ameneyu nthawi zina amathandiza.

Amayi akhala akuuza aliyense pamzere wa kuchigayo kuti mwana wawo wawabwezera nkhope. Manyazi andigwira, koma okoma.

Lachisanu, 18 Okutobala

Tafika ku Mbenje, fumbi mpaka m'mano. Matisheti ati atsegula mawa.

Loweruka, 19 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Anatsegula katoni m'mawa tisanapite kumanda. Azimayi anayamba kulimbirana, amayi nawo anatambasula dzanja akumwetulira. Anafunyulula tisheti yawo. Ndinaona nkhope yawo ndisanaone tishetiyo.

Ababa ali okha. Pampando, jekete lomwe lija. Pomwe panaima amayi pali katani wamaluwa basi, maluwa ake olondolozana bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Palibe mthunzi, palibe kalikonse.

Ndinathamangira kwa a Antonio, ndinaiwala ndi kugwada komwe. Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Nkhabe, ayi, apa palibe cholakwika. Pa malaya a pabanja sipakhala munthu amene sanaperekeredwe ng'ombe. Amayi ako timawalemekeza, koma ano ndi manda a kwathu." Ndinafunsa kuti wachotsa ndani. Anati ndipite ndikathandize kutunga madzi.

Choipitsitsa chinabwera pambuyo. Atavundukula chiliza, a Antonio anaimirira kuthokoza anthu, n'kunena pamaso pa gulu lonse kuti chithunzi chokongolachi wakonza ndi mwana wathu Otilia, amene akuphunzira za makompyuta ku boma. Anthu anaomba m'manja, ena nthungululu. Amayi aakulu anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chisena, "Takhuta mwananga, uli ndi nzeru." Ndinacheuka kufuna amayi. Anali kumbuyo, tisheti ataivala pamwamba pa diresi ngati wina aliyense, akuomba nawo m'manja.

Ime analipo, akugawa thobwa pamodzi ndi alongo a W. atamanga chitenje ngati mtengwa. Nthawi zonse ndikamayandikira ankapeza chochita kuseri kwa nyumba.

Lamulungu, 20 Okutobala

Mu minibasi ndinayesa kuyamba nkhani. Amayi anati, "Bambo ako unawakonza bwino." Basi. Anayang'ana pawindo mpaka ku Bangula, kuchoka apo anatseka maso koma sanagone.

Akuganiza kuti ndine. Nanga aganize chiyani?

Lolemba, 21 Okutobala

Ndinalawirira kuti ndikatenge chithunzi chenicheni ndiwapulintire amayi, aone okha kuti ine ndinawasiya momwemo. Ndatsegula foda yathu. Dzina la fayilo ndi lomwe lija ndinalemba ine, Otilia chiliza. Mkati muli ababa okha. Maleya onse anaphatikizidwa kukhala chimodzi, palibe chovundukula. Ndafufuza chosikana choyamba chija, nachonso palibe, ngakhale m'bini.

Kenako a Hilario analowa ali ndi chimwemwe, ati Loweruka amayang'ana mafoda athu ndipo apeza ntchito yoposa zonse. Anayatsa pulojekita. Ababa pakhoma, aakulu ngati chitseko. "Apa panali munthu, ndinamuona tikusikana. Ndani angandilozere msoko? Palibe. Otilia, imirira anzako akuone."

Ndinaimirira. Ndinati, "Aphunzitsi, munthuyo ndi amayi anga, ndipo sindinawachotse ine."

A Hilario anayamba kuseka, kenako anasiya. Kalasi yonse inatembenukira kwa Ime chifukwa kompyutayo timakhalapo awiri. Iye maso pa kiyibodi.

Pa buleki ndinamupeza kumpopi. Sanakane n'komwe. Ati W. anamuuza kuti a Antonio akudziwa kuti ine sindingavomere, ndiye iye athandize, abale amuone kuti ndi mkazi womvera. Ndinafunsa chifukwa chake anafufuta ndi zanga zomwe. Ati W. anati pasatsale china choti chizizungulira pa mafoni n'kuchititsa manyazi amayi aakulu.

"Unakhala pambali panga sabata yonse ndikumanga nkhope imene ija. Unandigulira fulizesi."

"Alamu, mumvetse, inenso ndikufuna kukalowa pakhomo paja."

Ndinamuuza kuti asadzanditchulenso alamu. Ndinati tiye ku Maseya ukawauze wekha amayi. Anati sangathe, W. akamva akwiya. Kenako anati, "Ungowauza kuti kompyuta inalakwitsa, iwo aja sadziwa izi."

Ndamuda Imelda, ndipo sindinkadziwa kuti ndingamude munthu chonchi. Ndawaimbira a Antonio kupempha pepala lija ndisikanenso. Ati analipereka kwa amayi aakulu, n'zawo tsopano.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Sindinapite ku kalasi. Ndinawatsatira amayi kudimba, ndinawapeza akuthirira mbatata. Ndinalanda kheni n'kuwauza zonse kuyambira pachiyambi, za Imelda, za Witness, za fulashi. Ndinalira ngati mwana. Anamvetsera ataima, manja m'chiuno.

"Imelda yemwe uja amadzadya pakhomo pathu?"

"Yemweyo."

Anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, mwamphamvu ngati mmene ankachitira ndili wamng'ono. Apo ndinadziwa kuti andikhulupirira, mtima unatsika.

"Chabwino. Za matisheti zapita, avale. Iwe undibwezeremo, undipulintire kamodzi kokha kanga, ndikaike m'chipinda. Ine ndi bambo ako tilibe china."

Ndinayamba kufotokoza za maleya, kuti anaphatikiza, kuti anaseva pamwamba, kuti chosikana anafufuta ndipo pepala lili ku Mbenje. Ndinkangoyankhula, mawu a m'kalasi okhaokha. Anandidula.

"Ndafunsa kuti zitheka kapena ayi."

"Sizitheka, amayi."

Anandiyang'ana, kenako anatola kheni paja ndinaisiya.

"Ndiye kusukulu kwanuko anakuphunzitsani kuchotsa kokha?"

Anatsikira kuchitsime. Ine ndinatsala pamzere wa mbatata.