Dzina Langa pa Pepala la Nkhata

Johannesburg,
9 Julaye 2025

Achimwene Alufeyo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine ndilipo, kungoti kuno kukuzizira ngati chilango.

Ndisanapite patali, ndikupereka dandaulo langa mwalamulo. Nandolo amene munatumiza ndi a Halidi a thiraki wafika, koma theka la thumba ndi anankafumbwe. Ine ndinapempha ndiwo, osati ziweto. Ena mwa iwo ndi onenepa kuposa ine, ndipo adutsa malire atatu opanda pasipoti, pamene yanga ndinaidikira miyezi inayi.

Kuntchito zikuyenda. Sabata yatha anandipatsa ntchito yolemba pulogalamu ya kompyuta yoona ngati mayina onse a pa mndandanda waung'ono akupezeka pa waukulu. Mayinawo amakhala atasanjidwa kale kuyambira A mpaka Z, ndiye n'zosavuta: chala chimodzi apa, china apo, n'kumatsika. Mayina akafanana, zala zonse ziwiri zimasuntha. Akasiyana, chimasuntha cha pa waukulu chokha. Koma chikangodutsa malo amene dzinalo limayenera kukhala, basi, palibenso chifukwa chofufuzira mpaka pansi. Dzinalo kulibe. Abwana anayamikira kuti ndi yachangu.

Tsiku lomwelo achemwali a Veronika ananditumizira chithunzi cha pepala la mwambo wa chiliza cha amayi, la anthu oika nkhata. Akuti akatekisiti anasanja mayina motsata zilembo kuti pasakhale kukangana za woyamba ndani. Manja anazolowera ntchito, achimwene. Ndinalemba ana asanu a amayi pakapepala n'kuyamba kutsika. Alufeyo alipo. Mikaele alipo, Silvesta alipo. Kenako Sophie, mdzukulu. Kenako Timoti, mkamwini wa dzana lomweli, amene amayi sanamuonepo n'komwe. Tikhala amayenera kubwera Timotiyo asanafike.

Pulogalamu yanga imaima pomwepo. Ine sindinaime. Ndinawerenga mpaka pansi, katatu, mpaka ndinatembenuza foni ngati chithunzi chili ndi kuseri.

Nditafunsa, achemwali anati amalume ndi amene analamula kuti nkhata aike okhawo amene manda akuwadziwa. Sindikuwatsutsa. Maliro ndinawaonera pa foni chifukwa nthawi ya korona ulendo sunatheke. Koma njira zinatseguka kalekale, ndipo zaka zinayi zonsezi ndakhala ndikunamizira ntchito. Zoona zake n'zakuti ndimaopa kutsika minibasi pa Namitambo, kukwera kabaza, n'kukafika pakhonde popanda wondikalipira kuti ndaonda. Kuno ndimatha kudzinamiza kuti foni ya amayi yangotha moto.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Sananene kuti chimatha kusowa papepala.

Pempho langa ndi limodzi. Kalankhuleni ndi amalume, inu amakumverani. Tikiti ndagula kale, ndifika pa 14 Ogasiti, kutatsala masiku awiri kuti mwambo uchitike. Akakana ndibwerabe, ndidzaima kumbuyo ndi anthu a midzi ina. Koma akalola, musavutike kusindikizanso pepala. Mungondilemba ndi cholembera, ngakhale pansi penipeni, Z atadutsa.

Mundiperekere moni kwa amalume, ngakhale andifufuta, kwa azakhali a ku Mauwa, kwa achimwene a Mikaele ndi a Silvesta, kwa alamu onse ndi ana. Timoti mumuuze kuti ndilibe naye mlandu, anangoima pamalo poipa.

Za chipepeso sindinaiwale. Pa mlandu wondichotsa pa ana a mayi anga, sindikufuna mbuzi kapena nkhuku. Mundibwezere Lachinayi limene munaika amayi, lathunthu, kuyambira m'mawa mpaka anthu atabalalika, ndi nyimbo zake ndi fumbi lake lomwe. Mulikulunge bwino, muliike pouma. Ndidzalitenga ndekha.

Ndine mlongo wanu, wachinayi kubadwa mpaka pano,
Tikhala