Ndinaona Lole ya a Ninong

Gumaca, Januwale

Okondedwa achimwene anga Kuya Efren,

Landirani moni wochokera kwanu kuno. Mukudzuka bwanji ku Norway? Chifuwa chija munkadandaula nacho chinatha? Ndimamva kuti miyezi ino dzuwa silioneka kumeneko, ndiye muzivala zokhuthala mukamapita kumakhola a nsombako. Nanga alamu anga Ate Luzviminda ndi ana ali bwanji?

Kuno tilipo. Mayi athu, Nanay, akumwa mankhwala awo, miyendo inasiya kutupa. Ine ndimadzuka, kupita kusukulu, kubwerako.

Ndalemba pamanja chifukwa mukaimba foni Nanay amakhala pambali panga, ndipo nkhani iyi singanenedwe iwo akumva.

Mukuwakumbukira Aling Nenita, mayi wamfupi uja ankagulitsa nsomba zouma pafupi ndi geti la sukulu yathu? Anamwalira mu Novembala, chikondwerero cha parishi chitangotha. Anagundidwa ndi lole ya ngole ya a Ninong Dario, bambo athu aubatizo. Ankayendetsa ndi mwana wawo Rommel.

Ine ndinali pageti, ana atangoweruka. Lole inatulukira pakona ya chigayo cha mpunga ili pa liwiro, n'kusiya mbali yake, n'kukwera m'mphepete momwe mayiwo anayala malonda. Iwo anali chikhalire, akukulunga nsomba m'pepala. Sanapeze ngakhale mpata woimirira.

Rommel anatsika akudzandira, akununkha kachasu wa ngole. Anandiyang'ana n'kunditchula dzina langa lakunyumba, amvekere, "Ate Perling, mabuleki." Kenaka anasanza patayala.

Sindinalire, Kuya. Ndinabwerera m'kalasi momwe mwana wa malemuwo, Jocelyn, ankasesa. Ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti pansi pa madesiki sipanayere, abwereze. Anabwereza. Ine ndinangoima n'kumamuyang'ana mpaka azakhali ake anabwera kudzamutenga.

Apolisi atafika, msewu wonse unali wakhungu. Oyendetsa njinga zamoto amene amakhala pageti tsiku lonse anati ankayang'ana kunyanja. Mayi wa kagolosale anati anali kuseri. Mkulu uja Mang Berto anati anawerama kumanga zingwe za nsapato, munthu woti chibadwire sanavalepo china koma patapata.

Pofika madzulo nkhani inali itamera yokha, yoti Aling Nenita anathamangira mumsewu kutsatira pepala louluka. Palibe anaitanitsa msonkhano kuti agwirizane zimenezi. Mukudziwa mmene timakhalira kuno. Aliyense anangodziwa choyenera kunena.

Wapolisi anandifunsa inenso, ndipo ndinanena zimene ndinaona. Musaganize kuti ndinalimba mtima. Anafunsa, pakamwa panayankha, ngati mmene mwana amavomerera dzina lake likaitanidwa.

Ndinapeza Nanay akusankha mpunga pakhonde, atamva kale. Sanakweze mawu. Anandifunsa kuti anatitsitsa padenga ndani chaka cha namondwe uja. Anafunsa kuti anakuberekani kumsana ndani inu, mwendo utathyoka, madzi ali m'khosi. Anafunsa kuti tinagona m'nyumba ya yani mpaka yathu itamangidwanso, komanso anatsogolera ndani kunyamula bokosi la maliro la bambo athu, Tatay. Funso lililonse ndinayankha kuti a Ninong.

Atatha anati, "Ndiye iwe unabadwa kwa yani? Wopanda manyazi."

Kuchokera tsiku limenelo, ndikafika pakhomo n'kufuna kutenga dzanja lawo kuti ndiliike pamphumi monga mwa ulemu wa kwathu, amalibisa m'thumba la diresi. Ndikaphika amadya, koma amadikira kuti nditulukemo kaye.

A Ninang Cora, akazi a Ninong, anabwera ndi makeke a mpunga okulunga m'masamba a nthochi. Anakamba za mvula, za mtengo wa ngole, za nyamakazi yawo. Pamapeto pake anati dzuwa la masana limanamiza maso. Anati mkazi wa Rommel ndi woyembekezera. Anati maliro a Aling Nenita anawayendetsa ndi iwo, bokosi, maluwa, chakudya cha masiku onse a mapemphero, palibe chinasowa. Anandigwira bondo n'kunena kuti, "Sitikuti uname, mwananga. Ungoti sunaonetsetse."

Ndinawathokoza chifukwa cha makekewo. Ndinadyako imodzi iwo akuona. Sindinamve ngati inali ndi shuga.

A Ninong eniake ndinakumana nawo potuluka Misa. Akalamba, Kuya, shati ikuwakhuthukira m'mapewa. Ndinatenga dzanja lawo ndipo sanalibweze. Za mlandu sananene kanthu. Anangofunsa ngati denga lakukhitchini likudonthabe, n'kunena kuti atumiza munthu.

Anamutumizadi. Denga silikudonthanso. Bola akanandilalatira pamaso pa mpingo wonse.

Palibe amene amanditukwana. Kumsika ndikafika, nkhani imaduka, anthu n'kuyamba kufunsana mitengo ya zinthu zoti akuidziwa kale. Aphunzitsi anzanga amadya nkhomaliro osandiitana. Wina anati ndikulowa, "Konzani tsitsi, kamera yafika," onse n'kuseka. Inenso ndinaseka. Aphunzitsi aakulu anandiitanira mu ofesi n'kundiuza mwaulemu kuti nzeru za m'mabuku n'zabwino, koma munthu azidziwa kukhala ndi anzake.

Mukudziwa kuti ndine ndimaphunzitsa za makhalidwe abwino. M'buku lathu mutu wa kuyamika okuchitira zabwino ndi mutu wa kunena zoona inayandikana. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa wina sabata ino, wina sabata yamawa, ana n'kumabwereza pambuyo panga, osaona vuto.

Tsiku lina mwana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati munthu wosayamika amapita kumoto. Kalasi yonse inatembenuzira maso kwa ine. Ndinadziwa kuti funsolo lachokera pa mbale ya kwawo. Ndinawauza kuti atsegule mabuku akopere zimene zili pabolodi.

Ndimadzifunsa ngati Nanay akulakwa, ndipo sindipeza polakwa pawo. Popanda a Ninong bwenzi inu kulibe, mwinanso ine. Zimenezo n'zoona. Kuti Aling Nenita anali chikhalire n'zoonanso. Ndimaziika ziwirizi patsogolo panga n'kumaziyang'ana ngati katundu wa eni ake. Mumtima simukupweteka. Mwangokhala ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Lamulungu lapitali kunabwera Mang Teodoro, mwamuna wa malemuwo, ali ndi Jocelyn. Anakana kukwera pakhonde. Anaima pansi pa masitepe, chipewa chili m'manja.

Anati bokosi analandira chifukwa analibe pogwira, ndipo bwato limene amaphera nsomba ndi la a Ninong, choncho iye sangatsegule pakamwa. Anati anthu anamuuza mwanayo kuti mayi ake anafa chifukwa chosasamala, mwanayo n'kukhulupirira, mpaka atamva zimene ine ndinauza apolisi. Kenaka anati, "Aphunzitsi, zimene mwatichitirazi sitidzatha kubweza. Ine ndikadzafa, mwana uyu adzapitiriza."

Anamukankhira mwanayo kutsogolo kuti atenge dzanja langa. Anapempha kuti ndidzakhale mayi wake pa ulimbitso, kuti mabanja athu akhale amodzi.

Ndinamuuza kuti palibe chobweza, sindinawachitire kanthu, ndinangoyankha funso. Nkhope yake inagwa ngati ndamumenya mbama. Anafunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi n'chifukwa choti ndife osauka?"

Ndinavomera pempho lakelo, Kuya. Ndikanatani? Mwanayo anaika dzanja langa pamphumi pake, pamphumi potentha ndi dzuwa, ndipo ndinaona mmene ankandiyang'anira. Ndi mmene ifenso tinkawayang'anira a Ninong tili ana. Kumbuyo kwanga ndinamva Nanay akutseka zenera.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Akhoti andiitana mwezi wamawa. Ndipita, ndipo ndikanena zomwe zija, chifukwa zina ndilibe. Rommel akhoza kumangidwa mwana wake asanabadwe. Ndinamunyamulapo Rommel ali khanda, ndikudziwa chimene ndikuchita.

Nanay anauza azakhali a ku Lucena kuti akuimbirani, inu monga mwana wamkulu, kuti mundiletse. Anatinso ndikakaima m'khotimo iwo sadzathanso kuyenda mumsewu uno, ndipo m'nyumba imodzi ndi ine sadzagonamo.

Sindikupemphani kuti mundiikire kumbuyo. Sindikupemphaninso kuti munene kuti ndakhoza, poti inenso sindikudziwa. Pempho langa ndi lakuti muime ndi Nanay.

Akaimba, amvereni mpaka amalize. Auzeni kuti mwamva chisoni, kuti mlongo wanu wakuchititsani manyazi. Ngati n'kofunika ndidzudzuleni pafoni iwo akumva, ine ndidzangoti chete, sindidzakusungirani kanthu. Alembereninso a Ninong, mawu anu enieni, owathokoza monga mwa nthawi zonse. Mukatha kupeza tchuthi bwerani, mudzawaperekeze Nanay ku Misa, mudzakhale nawo pabenchi lakutsogolo anthu akuona.

Ndi okalamba, Kuya, ndipo moyo wawo wonse chuma chawo chinali choti ana awo ndi odziwa kuyamika. Mmodzi wawatayika. Asiyireni winayo, woti akamutchula pagulu asamagwetse nkhope.

Ine musandidere nkhawa. Ndikudya, ndikugona. Nanay akasamukira ku Lucena ndizikawasiyira mankhwala kwa azakhali, sadzafunika kundiona.

Mundiperekere moni kwa Ate Luzviminda. Muwapsompsone Dindo ndi Maricel, muwauze kuti mtengo wa mango uja anabzala wayamba maluwa. Za nkhaniyi anawo musawauze.

Ambuye akusungeni pamadzi ozizirawo, ndipo Amayi Maria akufunditseni. Mukamapemphera mutchule Aling Nenita, mutchulenso Rommel.

Ndine mlongo wanu,
Perlita