Ababa ndi Munthu Wopanda Pakamwa

Lolemba, 5 Julaye

Mayi uja amatithandiza masana wasiya ntchito. Akuti amuna ake amuletsa kukwera basi, mliriwu wafika poipa. Sindikumuda. Koma uthenga wakewo wandipeza nditagwada m'bafa, ndikukwecha zoipa za Ababa. Anadziipitsira mu kabudula, kenako n'kufuna kubisa. Apaka kuseri kwa chitseko, bwinobwino, ngati munthu wopaka penti. Ndasanza mpaka misozi.

Munthu amene anameta anthu moyo wake wonse, malaya oyera mbee, wosalola katsitsi n'kamodzi komwe kutsalira pakhosi pa kasitomala. Lero sadziwa kuti chimbudzi chili chitseko chiti. Chipeso chokha ndiye saiwala, chimakhala m'thumba la malaya usana ndi usiku.

Ndawauza achimwene pafoni. Yankho lawo: "Limba mtima mlongo wanga, tikukupempherera." Ndi tizithunzi ta manja opemphera tija. Manjawo akanabwera n'kudzagwira burashi.

Lachiwiri, 6 Julaye

Lero kwa Ababa ndine malemu Amayi. Andifunsa kuti ndanyansa liti chonchi. Ndati dzulo. Aseka, adya mpunga wonse ndi dzira.

Zilibe kanthu kuti andiyesa ndani. Akaona nkhope yanga amadziwa kuti ndine wa m'nyumba muno, n'kutsegula pakamwa. Mbale ndikangowaikira patsogolo n'kuchoka, amangoiyang'ana. Mpaka wina amene akumukhulupirira awauze kuti idyani.

Lachinayi, 8 Julaye

Achimwene ndi alamu aimba foni ya vidiyo. Iwo ali pa sofa, makapu m'manja, tsitsi lopesa. Ine diresi ya dzana, yonunkha mkodzo. Alamu akuti ndiziwapatsa Ababa madzi a ndimu ndi adyo, anawerenga penapake. Achimwene akuti ndizipukuta zogwirira zitseko. Zogwirira zitseko! Ndinafuna kuwatembenuzira foni kuti aone matiresi ndayanika pakhonde.

Ndawapempha kuti abwere Loweruka lokha, ndigoneko tulo. Akuti sangaike Ababa pachiopsezo. Mawu okoma bwanji. Mliriwu wathandiza anthu ambiri, ulesi wapeza dzina laulemu.

Ababa anayang'ana pafonipo n'kundifunsa kuti bamboyu akugulitsa chiyani.

Patangopita nthawi pang'ono, pa gulu la banja achimwene aika chithunzi chakale cha Ababa ali pa shopu yawo, n'kulemba kuti makolo ndi chuma. Azakhali ayankha ndi mitima.

Pakhosi pakundikanda.

Loweruka, 10 Julaye

Ndakayezetsa. Ababa ndinawatsekera m'nyumba, aneba akuwasuzumira pawindo. Andipeza nawo matenda a mliriwu.

Namwino akuti ndidzipatule m'chipinda changa, wina azisamalira odwalayo. Ndafunsa kuti wina wake uti. Akuti, "Kodi achibale kulibe?" Ndaseka mpaka kutsokomola, iye n'kubwerera m'mbuyo. Pomaliza wati ngati palibiretu, masiki isachoke pankhope, ngakhale pang'ono, chifukwa munthu wa msinkhu wa Ababa akatenga sadzadzuka.

Achimwene akuti, "Unautenga kuti? Si tinakuuza kuti usamale?" Ku sitolo, kogula matewera a bambo anu. Sindinanene. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo chitsekocho ndine ndekha ndimagona pafupi nacho.

Chabwino chimodzi: fungo sindikumvanso. Ndachapa zofunda ngati ndikuchapa mipango ya m'manja.

Lamulungu, 11 Julaye

Ndalowa ndi tiyi ndi buledi, masiki pankhope. Ababa anakuwa ngati awona njoka. Kapu anaiponya kukhoma. "Ndinu ndani inu? Mwalowa bwanji? Mwana wanga mwamuika kuti?"

Ndati, "Ndine, Ababa, ndine ndemwe."

Akuti, "Munthu wopanda pakamwa akulankhula bwanji?"

Mawu anga nawonso asasa ndi chifuwachi, ine ndemwe sindikuwazindikira. Tsiku lonse akhala pakona, chipeso m'manja ngati mpeni. Sanadye.

Lachiwiri, 13 Julaye

Sakudyabe. Madzi akumwa okha pampopi, basi. Dzulo ndinapeza atanyambita shuga wa m'chitini, ndi chidutswa cha nthochi chili pansi pa pilo, chakuda bii. Mbale ndasiya patebulo n'kubisala, iwo atenga chipeso n'kuyamba kupesa mpunga.

Ndayesa kuima kutali, pakhomo la khitchini, n'kutsitsa masiki. Nkhope yawo inawala. Anadzuka n'kuyamba kubwera, manja patsogolo. Chifuwa chinandigwira, ndinakweza masiki msangamsanga. Atafika anandilavulira. Malovu okhuthala, a munthu wosadya, pa diso penipeni. Ndinapukuta ndi diresi. Kunena zoona, mphindi imeneyo ndinanyansidwa nawo bambo anga ondibala, ndipo sindifufuta mawu amenewa.

Chondipweteka kwambiri ndi ichi. Madzulo ndikutsuka mbale pa sinki, ndinamva kumbuyo kwanga mawu awo enieni akale aja: "Kambalame, sukulu yatha?" Dzina limene ankanditcha ndili mwana, chifukwa mutu wanga sunkakhazikika akamandimeta. Sanalitchule chiyambire chaka chino. Ndinatembenuka mtima uli phaphapha. Anangokuwa kuti wakuba. Matenda amenewa amachita kusewera ndi munthu.

Kuwasintha thewera yakhala nkhondo. Andikanda mkono wonse.

Lachinayi, 15 Julaye

Malungo andigwetsa m'mawa wonse. Ndinakwawa kukawaona. Milomo yawo yang'ambika, buluku likugwa lokha. Lero sanakuwe n'komwe, mphamvu zake palibe.

Achimwene agamula mlandu. Loweruka abwera ndi galimoto kudzawatenga, apite nawo kuchipatala akawaike diripu. Akuti akambirana ndi alamu ndi azakhali. Onse akambirana, kupatula wochapa matewera.

Ndawakumbutsa kuti masiku ano kuchipatala salola wodikirira. Munthu umamusiya pageti. M'katimo aliyense ndi wopanda pakamwa, kuyambira dokotala mpaka wokolopa. Amuna awo a aneba analowa akuyenda okha, anatuluka atakulungidwa m'pulasitiki, akazi awo osaona n'nkhope yomwe. Nanga Ababa, amene sadziwa n'dzina lawo lomwe, akawamangirira pabedi?

Akuti, "Ndiye ukufuna afere m'manja mwako? Akadya Loweruka lisanafike, chabwino. Apo ayi, tikupita." Kenako ati mutu ukakula sulewa nkhonya, iwo monga mwana wamkulu ayenera kuganiza zolimba. Nkhonya zake ziti? Mutu umenewo sunalowe m'nyumba muno chiyambire mliri.

Koma choipa n'chakuti sakunama. Ndikavula masiki ndiwapha. Ndikavala ndiwapha. Ndakhala pansi m'khitchini, lamba wa masiki ndikumukoka n'kumusiya.

Lachisanu, 16 Julaye

Supu, dzira, buledi woviika mu tiyi. Zonse zathera kudzala. Ndalongedza kachikwama kawo, chipeso akana kupereka.

Loweruka, 17 Julaye

Achimwene afika dzuwa litakwera. Masiki awiri, magolovesi, botolo la sanitaiza m'manja. M'nyumba sanalowe. Anaima panja pa windo la pabalaza n'kugogoda pagalasi ngati akuona nsomba m'sitolo. Foni inali kale m'mwamba, chithunzi cha gulu la banja.

"Ababa! Ndine, mwana wanu woyamba!"

Ababa ali pampando wawo anangondiyang'ana ine, n'kuyang'ana iwo. Ndi mawu otsika: "Opanda pakamwa achuluka tsopano."

Achimwene zinawawawa, ndinaona. Anaika foni m'thumba. Anandiuza kuti ndiwatulutse, iwo akatsegule chitseko cha galimoto. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda.

Ndiye ndinamva chipeso chikugogoda pagalasi. Ababa atadzuka okha, atatsamira windo.

"Makutu! Iwe Makutu! Wakumeta ndani chonchi? Mzere wokhota ngati njira ya woledzera!"

Achimwene anaima chilili. Dzina limenelo anamenyera anzawo kusukulu, palibe walitchula kuchokera pamene anayamba kuvala tayi. Anatembenuka mofulumira. Ababa ataona masikiwo nkhope inatsekekanso, anabwerera pampando.

Ine kachikwama kanagwa m'manja. Pa sinki paja! Munthuyu moyo wake wonse anaima kumbuyo kwa anthu. Nkhope ankaionera m'galasi, koma chimene manja ndi maso ake ankakhala nacho tsiku lonse ndi nkhongo, makutu ndi khosi. Ndipo ine sabata yonseyi ndakhala ndikuwalowera chamaso, n'kumakakamira kuti andiyang'ane.

Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga mpunga wotsala ndi dzira. Ndinavula mpango kumutu, masiki ndinaisiya pankhope. Pabalaza ndinalowa chambuyo, mbale m'manja, ngati wamisala. Ndinakhala pa kampando kakang'ono patsogolo pawo, msana kwa iwo.

Ndinkangomva kupuma kwawo.

Kenako zala zinafika m'tsitsi mwanga. Zozizira, zowonda. Zinayenda molunjika kukafika pa chipsera chija cha kuseri kwa khutu, pamene ndinagwa pa njinga. Chipeso chinayamba kuyenda. Tsitsi losasamba chidwalireni, lomangana, sananyansidwe nalo.

"Kambalame, khazikika."

Ndinalira, mapewa n'kumagwedezeka.

"Ndati khazikika, ndikudula khutu."

Ndinakweza mbale pamwamba pa phewa, osatembenuka. "Ababa, talawani, mchere wakwana?"

Anati wometa sadya kasitomala ali pampando. Ndinati lero kasitomala walola. Mbale inalemera, kenako inapepuka, aitenga. Sipuni inagunda mbale. Inagundanso. Ndinamva akutafuna, ndi kaphokoso kamilomo kaja kankandinyansa zaka zonsezi, mpunga wina ukundigwera pakhosi. Sindinausase.

Pawindo achimwene anali atabweranso, chipumi pagalasi, maso ofiira. Anafunsa chapansipansi kuti nanga galimotoyi.

Ndinati, "Tembenukani, achimwene. Imani choncho, musachoke."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anatembenuka, ndi magolovesi awo, ndi botolo lawo, n'kuima padzuwa msana uli kuwindo.

Ababa, mpunga uli m'kamwa, anagogodanso chipeso pa mkono wa mpando.

"Makutu, usapite. Ndikatha uyu, ndiwe."